Kalembedwe ka Chicheŵa m'Makeyala a pa Intaneti: Zimene Mayina a ku Mulanje Akutiphunzitsa

1. Chiyambi

Malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa amene Bungwe la Chicheŵa lidatulutsa m'chaka cha 1973, n'kuŵaunikanso mu 1980 ndi mu 1990, adakonzedwa poganizira munthu woŵerenga. Munthu amadziŵa kukhululuka. Mwana wa sukulu akalemba kuti ngombe, mphunzitsi amazindikira kuti mwanayo amafuna kunena ng'ombe, ndipo amangoika chizindikiro chosoŵacho n'kupitirira. Wogwira ntchito ku positi ofesi akaona kalata yolembedwa kuti Mlanje, saibweza kwa mwini wake. Amaiponya m'thumba la ku Mulanje. Lero kwabwera woŵerenga wina amene sadziŵa kukhululuka, ndiye kompyuta. Keyala ya pa intaneti ikaphonyeka lembo limodzi lokha, makina sayerekeza chimene mlembi amafuna kunena. Amayankha kuti malowo kulibe, kapena amamufikitsa munthu pakhomo pa mwini wina.

Nkhaniyi ikukhudza boma la Mulanje mwapadera. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo ofuna kukwera nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, ogula tiyi a kunja, ndiponso mabungwe othandiza zipatala ndi sukulu, ambiri amayamba kulidziŵa bomali kudzera m'keyala yolembedwa pa foni kapena pa kompyuta, asanaponde n'komwe pa Chitakale. Motero mmene mayina a kumeneko akulembedwera m'makeyala ndi nkhani ya kalembedwe, komanso ndi nkhani yokhudza chuma cha anthu.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika zinthu zitatu: mawu amene tikugwiritsa ntchito pofotokoza makeyalaŵa m'Chicheŵa, mavuto amene kalembedwe kathu kamakumana nawo dzina likamalembetsedwa, ndi zolakwa zimene alembi ndi akonzi akuchita posindikiza makeyala. Mfundo yaikulu ndi iyi: mkonzi ndi mphunzitsi ali ndi mphamvu pa dzina pamene lisanalembetsedwe, likangoloŵa m'kaundula, ntchito yawo ndi kulikopera mokhulupirika, ngakhale litalembedwa mosemphana ndi malamulo athu.

2. Kapangidwe ka keyala

Tisanaunike mawu, tiyeni tione chinthu chenichenicho. Titenge keyala ya bungwe losamalira zachilengedwe za m'phiri la Mulanje, la Mulanje Mountain Conservation Trust:

www.mountmulanje.org.mw

Keyalayi ili ndi magawo anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Magawoŵa adandandalikidwa monga timachitira pa envulopu: timayamba ndi dzina la munthu, kenaka mudzi, kenaka mfumu yaikulu, tinene Mabuka kapena Chikumbu, kenaka boma, n'kutsiriza ndi dziko. Chaching'ono chili kumanzere, chachikulu chili kumanja. Choncho wofuna kudziŵa mwini keyala ayambe kuŵerenga kuchokera kumanja.

Gawo lotsiriza, mw, ndi chidule cha dzina la Malaŵi, chotengedwa pa mndandanda wa zidule za mayiko wotchedwa ISO 3166. Pa mndandanda womwewo Mozambique ndi mz, Zambia ndi zm, Zimbabwe ndi zw. Chidule cha mw chidayamba kugwira ntchito pa intaneti mu 1997, ndipo mu 2002 udindo wosunga kaundula wake udaperekedwa ku bungwe la Malawi SDNP. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lidapatsanso bungwe la MACRA mphamvu pa kayendetsedwe ka mayina a pansi pa mw.

Gawo la org limasonyeza mtundu wa bungwe, ndiye kuti bungwe losachita malonda. Sukulu za ukachenjede zimagwiritsa ntchito ac, monga unima.ac.mw ndi must.ac.mw, maofesi a boma amagwiritsa ntchito gov, amalonda co kapena com. Mayina ena amalembetsedwa molunjika pansi pa mw, monga mra.mw, rbm.mw ndi mmh.mw ya chipatala cha Mulanje Mission. Gawo la mountmulanje ndilo dzina limene bungwelo lidadzisankhira n'kulembetsa. Gawo la www silichokera m'kaundula. Amaliika yekha mwini dzina, ndipo makeyala ambiri amagwira ntchito ngakhale gawoli litasiyidwa.

Makompyuta enieniwo amapezana ndi manambala. Njira yolumikiza dzina ndi nambala, yotchedwa DNS, adaikonza ndi Paul Mockapetris ku America mu 1983. Imagwira ntchito monga mndandanda wa mayina a m'foni: munthu amasankha dzina, foni n'kuimba nambala. Kusiyana kwake n'kwakuti mndandanda wa pa intaneti ndi umodzi pa dziko lonse, motero dzina limodzi silingakhale ndi eni aŵiri. Keyala yathunthu imakhalanso ndi https:// kumayambiriro, ndipo kumapeto kwake kumatha kubwera kamzere kopendekera (/) kotsatiridwa ndi njira yofikira pa tsamba lina la m'kati.

3. Mawu amene tikugwiritsa ntchito

(a) Keyala ndi adiresi. Mawu onse aŵiri ndi obwereka. Liwu loti keyala lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti care of, amene anthu ankalemba pa makalata odzera pa sukulu, pa mishoni kapena pa esiteti. Ena amalinyoza liwuli kuti ndi lachikale, namakonda adiresi. Ife tikuona kuti keyala ndi liwu lokhazikika kale m'chinenero chathu, lili ndi kuchuluka kwake (makeyala), ndipo tanthauzo lake lakale likugwirizana bwino ndi chinthu chatsopanochi. Kalata ya keyala inkafika kwa mwini wake kudzera mwa wina, ndipo dzina la pa intaneti nalo limafikitsa munthu pamalo kudzera m'kaundula wosungidwa ndi ena. Palibe chifukwa chosiyira liwu lotere.

(b) Tsamba ndi webusaiti. M'nyuzipepala ndi pa wayilesi timamva kaŵirikaŵiri mawu akuti tsamba la pa intaneti. Vuto lake n'lakuti liwu limodzili lasenzetsedwa katundu wambiri. Likutanthauza tsamba limodzi looneka pa foni, likutanthauza masamba onse a bungwe pamodzi, ndipo likutanthauzanso malo amene munthu watsekula pa Facebook, paja timati masamba a mchezo. Ku Mulanje, kumene masamba ndi tiyi wothyoledwa m'munda, katunduyo ngwolemera koposa. Kusokonezekaku kuli ndi zotsatira zake. Mwini malo ogona alendo ku Likhubula amene ali ndi tsamba pa Facebook angaganize kuti ali ndi keyala yakeyake, chonsecho dzina lolembetsedwa ndi facebook.com, ndipo iye ndi mlendo m'nyumba ya eni. Tikupempha kuti liwu loti tsamba lisungidwire tsamba limodzi, ndipo masamba onse a mwini mmodzi azitchedwa webusaiti, monga momwe buku limasiyanirana ndi tsamba la m'bukumo.

(c) Domeni. Dzina lolembetsedwa m'kaundula, monga mountmulanje.org.mw, limatchedwa domain name m'Chingerezi. Kulimasulira kuti dzina la dera kapena dzina la chigawo n'kosokeretsa, pakuti woŵerenga amaganiza za malo a pansi pano, pamene webusaiti ya dzina la mw ikhoza kusungidwa pa kompyuta imene ili ku Johannesburg kapena ku London. Apa kubwereka n'koyenera. Tilembe kuti domeni, kuchuluka kwake madomeni, ndipo pofotokozera ophunzira tinene kuti ndi dzina lolembetsedwa la pa intaneti. Tisamale kusiyanitsa: domeni ndi gawo chabe la keyala yathunthu.

(d) Kadontho. Oulutsa mawu ambiri amati doti, liwu limene m'makutu mwa womvera limayandikana ndi dothi. Aphunzitsi ena amati mpumiro, potsata dzina la chizindikirochi m'kalembedwe. Koma mpumiro umatseka chiganizo n'kulola woŵerenga kupuma, pamene chizindikiro cha m'keyala chimalekanitsa magawo popanda kupumira. Maonekedwe ndi amodzi, ntchito n'zosiyana. Liwu loti kadontho likukwanira, ndipo aliyense amalimva.

4. Kugula kapena kulembetsa

Cholakwa chodula kwambiri chili pa mneni. Anthu ambiri, pamodzi ndi otsatsa malonda, amati kugula domeni. Chinthu chogula chimakhala chako mpaka utachigulitsa, monga njinga kapena mbuzi. Domeni siikhala choncho. Munthu amalipira kuti dzina lilembedwe m'kaundula kwa nthaŵi yoikika, kaŵirikaŵiri chaka chimodzi, ndipo mayina a pansi pa com salembetsedwa kupyola zaka 10 pa nthaŵi imodzi. Nthaŵiyo ikatha osalipiranso, pamakhala masiku oŵerengeka oombolera dzinalo, kenaka limamasulidwa kuti aliyense alitenge. Chofanana nacho chimene tonse timachidziŵa ndi bokosi la ku positi ofesi. Sukulu ikaleka kulipira bokosi lake, nambalayo imapatsidwa kwa wina, ndipo makalata a sukuluyo amagwera m'manja mwa mlendo. Mneni woyenera ndi kulembetsa, ndipo kulipira kwa chaka ndi chaka ndi kulembetsanso.

Mneni ameneyu akutithandizanso kutchula anthu atatu okhudzidwa ndi ntchitoyi, pogwiritsa ntchito misintho ya aneni:

wosunga kaundula: bungwe loyang'anira mayina onse a pansi pa chidule chimodzi, monga mw kapena com;
wolembetsera: mkhalapakati wolandira pempho ndi ndalama n'kuloŵetsa dzina m'kaundula m'malo mwa ena;
wolembetsa: mwini dzina.

Kusiyana kwa wolembetsa ndi wolembetsera kuli pa msintho womchitira, ndipo ophunzira a ku sekondale amaudziŵa bwino. Kusiyanaku kuyenera kumveka pa zokambirana za komiti iliyonse. Gulu la alimi a tiyi ang'onoang'ono, kapena la onyamula katundu wa alendo m'phiri, likafuna webusaiti, kaŵirikaŵiri limatuma wachinyamata wodziŵa makompyuta. Iye akalemba dzina lake ndi imelo yake pamalo a wolembetsa, ndiye kuti m'kaundula mwini dzina ndi iyeyo. Akasamuka, kapena akayambana ndi komiti, chikumbutso cholembetsanso chimapita kwa iye yekha, ndipo gulu limadzazindikira keyala itafa kale, ili pa zikwangwani ndi pa mapepala onse. Safunsa adadya phula.

Kulembetsa kumayenda motere. Choyamba, kufufuza m'kaundula ngati dzinalo lilibe mwini, pakuti lamulo lake ndi lakuti woyamba kufika ndiye amatenga. Chachiŵiri, kusankha wolembetsera. Chachitatu, kupereka dzina la gulu lenilenilo monga wolembetsa, pamodzi ndi imelo ndi nambala ya foni zimene zidzakhalebe m'manja mwa gululo atsogoleri akasintha. Chachinayi, kulipira ndi kusunga lisiti. Chachisanu, kulumikiza dzinalo ndi kompyuta yosunga webusaiti, imene ili ndi malipiro akeake. Chachisanu ndi chimodzi, kulemba tsiku lolembetsanso m'buku la msungichuma. Okonda com akumbukire kuti mtengo wake umachokera ku madola, motero kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipirowo amakwera nthaŵi yomweyo.

Tidziŵenso kuti dzina la malo silitetezeka mosavuta. Ndondomeko yothetsera mikangano ya mayina imene bungwe la ICANN lidakhazikitsa mu 1999 imateteza makamaka zizindikiro za malonda. Pansi pa com, munthu amene sadaonepo phirili akhoza kulembetsa dzina lokhala ndi liwu loti Mulanje kapena Sapitwa, ndipo eni dera sangamulande chifukwa chongobadwira kumeneko.

5. Zizindikiro zimene keyala siilandira

Malinga ndi malamulo oyambirira a DNS, gawo lililonse la domeni limalandira malembo 26 a alifabeti ya Chingerezi, manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndi mdulamawu (-), umene suloledwa kumayambiriro kapena kumapeto. Gawo limodzi silipyola zilembo 63. Lembo lalikulu ndi laling'ono amaŵerengedwa chimodzimodzi. Pa zimenezi Chicheŵa chikukumana ndi mavuto atatu.

Loyamba ndi la nkhodolero ('). M'kalembedwe kathu chizindikirochi chimasiyanitsa mawu: ng'oma ndi choimbira, ngoma ndi nyama ya m'tchire. M'domeni mawu aŵiriŵa amasanduka amodzi. Dzina la Amang'anja, amene ndi mmodzi mwa mitundu yakale ya m'dera la phirili, limasanduka amanganja, ndipo mlendo amalitchula molakwa. Ena amayesa kuika mdulamawu pamalo pa nkhodolero, n'kulemba mang-anja. Zimenezi sitikuzivomereza, chifukwa zikuyambitsa kalembedwe kachitatu kamene palibe adakaphunzira, ndipo n'kovuta kukatchula pa wayilesi. Ngati pali mwayi wosankha, ndi bwino kusankha mawu opanda nkhodolero. Ngati dzinalo ndi lamwinimwini, nkhodolero ingosiyidwa m'keyala, koma dzina lilembedwe mokwanira pamutu pa webusaiti ndi pa chikwangwani.

Lachiŵiri ndi la mpata wa pakati pa mawu. Gawo lalikulu la malamulo athu limanena za mawu olembedwa mophatikiza ndi olembedwa molekanitsa. M'domeni mulibe mpata, motero Dziŵe la Nkhalamba, malo otchuka a ku Likhubula, limakhala dziwelankhalamba. Dzina limeneli likuŵerengeka, koma ena saŵerengeka chotero. Mawu akuti mudzi wathu akaphatikizidwa amakhala mudziwathu, ndipo diso limayamba laona mudziwa. Mawu akuti ana athu amakhala anaathu, koma womva pa wayilesi adzalemba anathu, poti ndimo timatchulira. Wosankha dzina ayambe walilemba mophatikiza, apatse anthu angapo kuti aliŵerenge mokweza, kenaka alitchule kwa ena kuti alilembe. Dzina lolephera mayeso aŵiriŵa lisapite m'kaundula.

Lachitatu ndi la lembo la ŵ. Kwa zaka zambiri lemboli silinkatheka m'domeni. Kuyambira mu 2003 pali njira yolembera mayina okhala ndi malembo a zinenero zina, ndipo mu 2010 mayiko a Egypt, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates adalandira zidule zawo m'malembo a Chiarabu. Makina amasandutsa dzina lotere kukhala malembo wamba otsogozedwa ndi xn--, motero liwu loti malaŵi limasungidwa kuti xn--malai-ehb. Chinenero cha ku Wales chilinso ndi ŵ, ndipo kaundula wa mayina a cymru ndi wales, amene adatsekulidwa mu 2014, amalandira malembo a chinenerocho. Apa tikuona kuti makina adaleka kukhala chopinga. Wosunga kaundula aliyense ndiye amasankha malembo oti alandire. Komabe tisathamange. Anthu ambiri sadziŵa kumene ŵ ali pa foni yawo, ndipo nyuzipepala zathu zambiri zidasiya kumulemba. Kuonjezera apo, kwa makina malawi ndi malaŵi ndi mayina aŵiri osiyana, amene angakhale ndi eni aŵiri, ndipo wakuba angapezerepo mpata. Langizo lathu n'lakuti dzina la w lizilembetsedwa poyamba, ndipo pamene kaundula walola, mwini yemweyo alembetsenso la ŵ kuti onse aŵiri aziloza kumodzi.

6. Dzina limodzi, kalembedwe kosiyana

Vuto lalikulu koposa sitingalikankhire kwa makina, pakuti ndi lathu lomwe. Mayina ambiri a m'boma la Mulanje ali ndi kalembedwe kopitirira kamodzi. Mabuku ndi mapu a nthaŵi ya Nyasaland amati Mlanje, monga ankalembera Cholo pofuna kunena Thyolo, ndi Palombe pofuna kunena Phalombe, boma limene lidapatuka ku Mulanje mu 1998. Kutsidya kwa malire a Muloza, tawuni ya ku Mozambique imalembedwa kuti Milange. Mpaka lero timaona Likhubula ndi Likabula, Thuchila ndi Tuchila, pa zikwangwani, pa mapu ndi m'mabuku a alendo. Chiyambi cha kusiyanaku n'chodziŵika: Azungu oyamba sankamva mpweya umene umasiyanitsa ph ndi p, th ndi t, kh ndi k, ndipo kalembedwe kawo kadatsalira m'zikalata. Dzina la mtsinje wa Ruo likuyamba ndi r, pamene lamulo la Chicheŵa limafuna l kumayambiriro kwa liwu. Dzina la mtundu waukulu wa m'bomali ena amalilemba Lomwe, ena Lhomwe, monga limachitira bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake lili ku Chonde.

Pa pepala kusiyanaku kumangokhumudwitsa mkonzi. M'keyala kumagaŵa anthu paŵiri. Mwini malo ogona akalembetsa likabula, onse olemba likhubula samupeza. Lembo limodzi si kanthu kakang'ono. Mu 2023 zidaululika kuti mauthenga a imelo mamiliyoni opita kwa asilikali a ku America, amene makeyala awo amatha ndi mil, akhala akusokerera ku kaundula wa dziko la Mali, amene chidule chake ndi ml. Ife ndi anansi athu a ku Milange tikusiyana ndi lembo limodzinso, mw ndi mz.

Ngakhale dzina la chinenero chathu lili pa vuto lomweli. Ku Zambia kalembedwe kovomerezeka mu 1977 kamalemba c pamene ife timalemba ch, motero Chinyanja chimakhala Cinyanja. Pa intaneti chidule cha chinenerochi ndi ny, monga tikuonera mu ny.wikipedia.org. Wolembetsa dzina lofuna kufikira olankhula chinenerochi ku Chipata, ku Tete ndi ku Lichinga ayenera kuganizira zimenezi.

Pali chinthu chinanso chimene tiyenera kuchidandaula. Makeyala a m'dziko muno amene tatchula pamwambapa ndi a mawu a Chingerezi kapena a zidule za mayina a Chingerezi. Mabungwewo ali ndi zifukwa zawo, makamaka amene amayankhula ndi anthu a kunja. Koma tazoloŵera kuganiza kuti keyala iyenera kukhala ya Chingerezi, ndipo tikutaya mwayi umene chinenero chathu chili nawo. Chicheŵa chimalembedwa monga chimatchulidwira. Liwu loti sapitwa, mkungudza kapena tikondane, mayi wa ku Nkando akalimva kamodzi pa wayilesi amalilemba molondola, pamene chidule cha malembo atatu chimafuna kuti womvera adziŵe mayina a malembo m'Chingerezi ndi kusiyanitsa m ndi n pa wayilesi yolira mokhetsa. Webusaiti yolembedwera Amalaŵi m'Chicheŵa kapena m'Chilomwe iyenera kukhala ndi dzina la m'chinenero chomwecho.

7. Zolakwa za posindikiza ndi pophunzitsa

Dzina likalembetsedwa, mkonzi aike pansi cholembera chofiira. Zolakwa zimene zikuoneka kaŵirikaŵiri m'nyuzipepala, m'makalata a sukulu ndi pa zikwangwani ndi izi:

(a) Kukonza kalembedwe. Mkonzi akaona manganja kapena likabula m'keyala, dzanja limayabwa. Akaika nkhodolero, h kapena ŵ, waipha keyalayo. Keyala ikopedwe lembo ndi lembo monga mwini adailembetsera.

(b) Kudula keyala ndi mdulamawu kumapeto kwa mzere. Popeza mdulamawu ndi chizindikiro chololedwa m'domeni, woŵerenga amaulemba nawo, n'kufika kwina. Keyala ikhale pa mzere umodzi. Ngati n'kosatheka, idulidwe pambuyo pa kamzere kopendekera popanda kuonjezera chizindikiro.

(c) Kuphatikiza aperekezi. Tilembe kuti pa mmh.mw molekanitsa. Mperekezi m' asagundane ndi keyala. Chiganizo chikonzedwe kuti pakhale pa, ku kapena mu.

(d) Kutsiriza chiganizo ndi keyala. Mpumiro wa chiganizo umaoneka ngati kadontho ka keyala. Ndi bwino kuika keyala pakati pa chiganizo kapena pa mzere wakewake.

(e) Kusintha malembo aakulu ndi aang'ono. M'domeni zimenezi zilibe kanthu, koma m'gawo lotsatira kamzere kopendekera zikhoza kusintha tsamba lofikirako. Pa chikwangwani n'kololedwa kulemba DziweLaNkhalamba kuti mawu aoneke bwino, koma zotsatira kamzereko zisakhudzidwe.

(f) Kusokoneza keyala ya webusaiti ndi ya imelo. Ya imelo imakhala ndi chizindikiro cha @ pakati, ndipo domeni imabwera kumanja kwa chizindikirocho.

Aphunzitsi ali ndi ntchito ina yoposa izi. Akuba a pa foni amatumiza makeyala oyamba ndi dzina la banki kapena la ofesi ya boma, koma otsiriza ndi domeni ya eni ake osadziŵika. Woŵerenga kuchokera kumanzere amaona dzina lolidziŵa n'kukhulupirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wophunzitsidwa kupeza kamzere kopendekera koyamba kotsatira dzina, n'kuŵerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo, amamuzindikira mwini weniweni. Adziŵenso kuti https ndi kachizindikiro ka loko zimangosonyeza kuti uthenga ukuyenda mobisika. Sizitsimikiza kuti wolandirayo ndi wokhulupirika. Phunziro limeneli likukwanira bwino pa mutu wa kalembedwe ka kalata, pamene ophunzira amaphunzira kale kulemba keyala pa envulopu.

8. Mathero

Kuchokera pa zimene taunikazi, tikupereka maganizo otsatiraŵa. Mawu akuti keyala, webusaiti, tsamba, domeni, kadontho, kulembetsa, wolembetsa, wolembetsera ndi wosunga kaundula agwiritsidwe ntchito mosasinthasintha m'mabuku a sukulu, m'nyuzipepala ndi pa wayilesi, ndipo mawu akuti kugula domeni asiyidwe. Malamulo a kalembedwe akamaunikidwanso, mukhale ndime yonena za makeyala, yofotokoza poyera kuti nkhodolero, mpata ndi ŵ zikasoŵa m'keyala si cholakwa cha mlembi, ndipo mkonzi asazibwezeremo. Bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba, limene lidatenga ntchito za Bungwe la Chicheŵa mu 1996, ligwirizane ndi ofesi yoona za mapu, makhonsolo ndi mafumu potulutsa mndandanda wa kalembedwe ka mayina a malo umene ungafike m'manja mwa mphunzitsi ndi wamalonda aliyense. Boma la Mulanje, limene mayina ake akufunidwa tsopano ndi anthu a m'mayiko ambiri, ndi malo oyenera kuyambirapo. Pa mayina a Chilomwe ndi Chiyao, eni zinenerozo afunsidwe, kuti tisaŵakakamize kutsata malamulo a Chicheŵa.

Pakali pano, mlembi, mkonzi kapena mphunzitsi amene ali m'komiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya gulu la alimi asadikire kuti aitanidwe webusaiti itatha kale kuti adzakonze ziganizo. Akhalepo pa tsiku losankha dzina, alilembe pa bolodi mophatikiza, amve mmene anthu akuliŵerengera, ndipo aonetsetse kuti m'kaundula mwalembedwa dzina la gulu monga wolembetsa.